Magazi Asakanikirana

Apongozi anga anali ndi makutu osankha. Ukawauza mawu ambirimbiri, iwo ankatolapo amodzi okha owakomera n'kuwamanga pansonga ya chitenje pamodzi ndi fodya wawo wa m'mphuno, ena onsewo n'kuwasiya pansi. Ndisanabereke ndinkaseka nazo zimenezi. Koma tsiku limene mwana wanga woyamba ankafuna magazi, makutu omwewo anatsala pang'ono kumupha, ndipo mpaka lero ndikawakumbukira mayi aja m'kamwa mwanga mumawawa.

Tinkakhala ku Mtendere, komboni ya mu Lusaka, zaka zija za chipani chimodzi, pamene sopo ndi mafuta ophikira, amene tinkawatcha saladi, zinkangooneka mwa apo ndi apo. Ine ndine mwana wa anthu a ku Malawi. Bambo anga anabwera ku Lusaka kudzaphikira azungu, ndipo tinakulira ku Matero. Mwamuna wanga anali wakumpoto, kufupi ndi malire a Tanzania, kumene amati mwana ndi magazi a bambo wake. Anali kalaliki pa ofesi ina ya boma, munthu wa tayi ndi chipeso m'thumba la shati, wodziwa kuponya Chingelezi pamaso pa anzake, koma pamaso pa mayi ake wosadziwa ngakhale kutsokomola. Mayi akewo anabwera kuchokera kumudzi mimba yanga itayamba kuoneka, ati kudzandithandiza. Thandizo lake linali kukhala pampando pakhomo n'kumaonera nthawi imene ndachoka ndi imene ndabwera.

Chimene chinkawadya mtima n'chakuti ndinkagwira ntchito ya m'nyumba kumayadi ku Kabulonga, kwa mzungu wina ndi mkazi wake. Apongozi ankati mkazi woyala bedi la mwamuna wina palibe chimene watsala nacho. Mzunguyo anali wadazi, wonunkha ndudu, ndipo sindikhulupirira ngati anadziwapo kuti nkhope yanga ndi yotani. Zaka zonse ndinagwira kumeneko ankandiitana ndi dzina la wantchito amene anachoka ine ndisanabwere.

Mwezi wanga womaliza, mbiri inamveka kuti kusitolo ya boma kwafika saladi. Ndinakaima pamzere ndi chimimba changa, poti apongozi miyendo inkawapweteka nthawi iliyonse kukamveka za mzere. Chitseko chitangotsegulidwa, khamu linakankhana, ine n'kukagunditsa mimba pachitsulo cha pakhonde. Sindinagwe, sindinataye magazi ngakhale dontho, ndipo saladiyo ndinamupeza. Koma kuyambira tsiku limenelo mwana amene ankandimenya mateche osapuma anangoti zii, n'kumangogwedezeka pang'ono mwa apo ndi apo ngati munthu wotopa.

Ndinawauza apongozi. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kunena kuti mwana akatsala pang'ono kutsika amakhala chete, ndipo mkazi wochita mantha ndi zotere amakhala ndi chimene akudziwa mumtima mwake. Ndinauza mwamuna wanga. Iye anati amayi abereka ana ambiri, akudziwa. Nkhani inathera pomwepo. Masiku ano atsikana amauzidwa kusikelo kuti mwana akasiya kusewera m'mimba uthamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Ife tinkauzidwa kuti tilimbe mtima.

Ndinachira m'mawa wina pakiliniki ya m'komboni. Anali mwana wamwamuna. Sanalire monga alirira ana, anangoti nyii ngati kamphaka. Ndipo anali woyera. Sindikunena kuyera kofiirira kuja kumene ana onse amabadwa nako, ayi. Uyu anali mbuu thupi lonse, milomo mbuu, nkhama mbuu, lilime lomwe lopanda kufiira. Azamba anamuyang'ana, nayang'ana pansalu ndi pansi pa bedi kufuna pamene magazi atayikira, koma sanapeze ochuluka kuposa a masiku onse. Sanachedwe, anatikweza galimoto kupita kuchipatala chachikulu cha m'tauni.

Apongozi anali atamuona kale. Mwana akabadwa, akuluakulu amayang'ana nsonga za makutu ndi m'mbali mwa zikhadabo, poti khungu limene adzakhale nalo limayambira kuonekera pamenepo. Iwo anatembenuza kakhutu ka mwana wanga ndi chala monga asankhira tomato pamsika, napeza kali koyera. Anangomanga chitenje molimba, ndipo galimoto yathu ikunyamuka ndinawaona akulunjika kokwerera basi ya kuofesi kwa mwana wawo.

Kuchipatala chachikulu tinalandiridwa ndi dokotala wamkazi wachimwenye, wamfupi, wolankhula mothamanga. Chingelezi ndinkachimva, cha kukhitchini chomwecho koma chokwanira. Anati mwanayu magazi atsala ochepa kwambiri, ndipo iye ankafuna kudziwa kumene apita. Anafunsa azamba amene anatiperekeza ngati nsengwa, chija chimatuluka mwana atabadwa, inang'ambika, kapena ngati chingwe cha mchombo chinachucha magazi. Azamba anati ayi. Anapapasa mutu ndi mimba ya mwana kuona ngati akuchuchira m'kati, sanapeze kanthu. Anamukweza zikope, maso sanali achikasu. Kenaka anatembenukira kwa ine n'kundifunsa ngati ndinagwapo kapena kugundidwa pamimba, ndiponso ngati mwana anasiya kusewera asanabadwe. Anali munthu woyamba kundifunsa zimenezo. Ndinamufotokozera za mzere wa saladi, ndipo anauza nesi kuti atenge magazi anga msanga.

Ndinadabwa kuti wodwala ndi mwana koma singano akubaya ine. Nesiyo, mayi wa ku Copperbelt wa dzanja lopepuka, anandiuza kuti magazi a mwana akasowa popanda poonekera pamene atayikira, adokotala amakawafuna mwa mayi wake. Anatinso chofulumira ndi kupeza magazi ena omuthira mwanayo. M'nkhokwe ya chipatala tsiku limenelo munalibe oyenera khanda, choncho pankafunika wachibale abwere ayezedwe. Ine mtima unakhala pansi, poti ndinkadziwa kuti bambo wake ali m'njira.

Anafikadi masana, mayi patsogolo, mwana wawo wa tayi pambuyo. Zotsatira za magazi anga zinali zitangobwera kumene. Dokotala anawaitanira pabedi langa ali wokondwa kuti wapeza chimene ankafuna, n'kufotokoza zonse bwinobwino m'Chingelezi, maso ali pa mwamuna wanga. Anati pamene ndinagundidwa paja, magazi a mwana anatulukira pansengwa n'kulowa m'mitsempha yanga, ndipo awaona ndi maso m'magazi amene ananditenga. Anati palibe wolakwa, zimachitika, ndipo mwana angathe kuchira ngati athiridwa magazi lero lomwe. Mwamuna wanga ankagwedeza mutu ponseponse ngati ali pamsonkhano wa kuofesi.

Ndiye nesi, mwa ulemu wake, anaona kuti nkhalamba yatsalira. Anawerama n'kuwamasulira m'Chinyanja cha m'tauni.

"Bamayo, magazi ya mwana yanangena mu thupi ya bamake akali mumimba. Tayapeza. Magazi yasakanikirana."

Nesiyo sanalakwe, ananena zimene zinachitika. Koma aliyense amene anapita kwa alangizi akudziwa kumene mawu amenewo amagwera. Timauzidwa kuti mkazi wapakati akagona ndi mwamuna wina, magazi amasakanikirana, mwana n'kubadwa wodwala kapena wakufa. Timauzidwanso kuti n'chimodzimodzi mwamuna akayenda kunja mkazi wake ali ndi pakati, koma mbali imeneyo apongozi anaisiya pansi. M'mawu onse aja anatolapo amodzi. Nkhope yawo inachita kuwala, ngati munthu amene wakhala akudikira basi tsiku lonse ndipo yafika.

"Wamvera?" anatero kwa mwana wawo. "Na chipatala chakamba. Magazi yasakanikirana. Yako siyangene mu mwana wa muzungu. Bakamuitane mwine wake ku Kabulonga."

Ndinadzuka pabedi, thupi lonse likuwawa. Sindinalankhule kwa apongozi, ndinalankhula kwa mwamuna wanga. "Bambo a mwana, Chingelezi mwachimva nokha. Auzeni amayi zimene anena adokotala."

Anayang'ana nsapato zake. Zinali zopukuta bwino, ndine ndinazipukuta dzulo lake. Thukuta linali litamutuluka pamphumi, ndipo maso ake ankangothawira kukachubu ka magazi kamene nesi anali nako m'manja. Anati zinthu zotere zimafuna akuluakulu akhale pansi. Anatinso nthawi ya nkhomaliro yatha, abwana amufuna. Dokotala atamva kwa nesi chimene chikuchitika, anamuthamangira mpaka pakhomo la wodi, n'kumuuza kuti abwere aone yekha ndi maso ake kuchipinda choyezera magazi. Iye anayankha m'Chingelezi chosalala kuti abwera akaweruka. Sanabwere.

Pabedi loyandikana ndi langa panali mtsikana amene mayi ake anabwera kudzamuona kuchokera ku Matero. Mayiwo anamva zonse, poti apongozi sankadziwa kunong'ona. Ndinawapempha kuti akauze achimwene anga, telala wosoka pakhonde la sitolo pafupi ndi msika. Sanandifunse ngati mwanayo ndi wa mzungu kapena wa ndani. Anasiya chakudya cha mwana wawo pakabati n'kunyamuka.

Kudikira kuja sindikufuna kukufotokoza kwambiri. Mwana anali m'kabokosi ka galasi, akupuma mothamanga, kachifuwa kakukwera ndi kutsika. Nesi ankabwera kudzamuyang'ana, n'kuyang'ana pakhomo, n'kundiyang'ana ine. Ndinkachita mantha kuti afa ndisanamuyamwitse n'komwe. Ndipo ndinene zoona, pakati pa mantha amenewo ndinkamva chidani, chenicheni, pa munthu amene anali atakhala paofesi akulemba makalata a boma ndi magazi ake onse m'thupi.

Achimwene anafika dzuwa litapendeka, panjinga, tepi yoyezera ikadali m'khosi. Munthu ameneyu ankagwira singano tsiku lonse, koma ya kuchipatala ankaiopa kuyambira ali mwana, moti tsiku la katemera kusukulu ankabisala m'chimbudzi. Anapinda mkono wa shati n'kutembenuzira nkhope kukhoma, milomo ikupemphera. Magazi ake anagwirizana. Atangowatenga anakomoka, manesi n'kumuseka, kenaka n'kumupatsa tiyi wa shuga wambiri. Zaka zimenezo shuga ankasowa, ndiye mpaka kukalamba kwake ankati tiyi ngati uja sanamwenso.

Mwana anamuthira magaziwo kudzera pamchombo, ndi kapaipi kakang'ono, pang'onopang'ono. Ndinaima pambali n'kumaonera. Milomo ndiyo inayamba kufiira, kenaka zikhatho, kenaka nsonga za makutu zija. Usiku womwewo analira kulira kwenikweni, kwamwano, kodzutsa wodi yonse. Ine ndinakhala pansi pasimenti.

Tisanatulutsidwe, dokotala uja ananditengera kuchipinda choyezera magazi. Ndikuganiza kuti zinamupweteka kuti ntchito yake yabwino yasanduka mlandu, ndiye ankafuna kuti wina wa banja limeneli aone. Anandionetsa kagalasi kopakapo magazi anga. Anati amathirapo mankhwala owawasa amene amatsuka kufiira konse m'magazi a munthu wamkulu, koma magazi a mwana wosabadwa ndi amakani, satsukika. Ndinaika diso pamakina oonera tinthu tating'ono. Ndinaona timphete tambirimbiri totumbuluka, topanda kanthu m'kati, ndipo anati amenewo ndi anga. Pakati pake panali timadontho tofiira psuu, pano ndi apo, tambiri ndithu. Anati amenewo ndi a mwana wanga, ndipo amatiwerenga kuti adziwe kuchuluka kwa magazi amene mwana wataya. Wangayu anali atataya ochuluka zedi. Ndinayang'ana nthawi yaitali, misozi n'kudetsa galasi lawo.

Anandiuzanso kuti anayeza mtundu wa magazi anga, poti pali amayi ena a mtundu wosowa amene zikawachitikira zotere amafunika jakisoni woteteza ana obwera m'tsogolo. Ine sindinali mmodzi wa iwo. Pomaliza anati timadontho tofiirato tikhala mwa ine miyezi yochepa kenaka titha, magazi a achimwene nawonso atha mwa mwanayo, ndipo thupi lake lipanga akeake monga lichitira la munthu aliyense. Mawu amenewo ndinawamva bwino ndipo ndinawasunga.

Potuluka sindinabwerere ku Mtendere. Ndinapita kwathu ku Matero, ndipo katundu wanga achimwene anakamutenga panjinga. Anabwera ndi nkhani za pampopi: ati ndabereka mzungu, ati makina a kuchipatala andigwira, ati wina anaona tsitsi la mwana likulendewera ngati la chimanga. Amayi amene ndinkapemphera nawo, amene ndinkawagawira sopo wa ku Kabulonga, ena anakwera basi mpaka ku Matero ati kudzaona mwana. Ankafika pakhomo maso ali patsogolo, moni pambuyo. Ndinkawavundukulira shawelo yonse n'kuwasiya ayang'ane mpaka atope, ndipo tiyi sindinkawapatsa.

Mmodzi wa iwo, pochita manyazi, anafuna kundilipira ndi nkhani ina. Anati ku Kalingalinga kuli mtsikana wogulitsa zitumbuwa amene nayenso wangochira kumene, ndipo mwamuna wanga ndiye amagula thewera. Pamenepo ndinamvetsa thukuta lija la pamphumi. Munthu wophunzira uja atamva kuti chipatala chikutha kusiyanitsa magazi a mwana ndi a mayi, anaopa kuti akapereka ake, makinawo awerenga kumene wakhala akuyenda. Mawu a mayi ake anamupatsa pobisalira, iye n'kulowa. Anaona kuti kuli bwino ine nditchedwe hule ndipo mwana afe, kusiyana n'kuti tayi yake idetsedwe.

Mwana anakula ngati kuti palibe chinachitika. Miyezi itapita anada bii, kuposa ine, ndipo makutu ake anatambasuka n'kuima chilili ngati zogwirira za poto. Makutu amenewo Mtendere yense ankawadziwa mwini wake. Amayi a pampopi omwe aja ndiwo ananyamulanso mbiri yatsopanoyo, poti iwo bola pakamwa pasakhale chabe.

Loweruka lina masana tinaona alendo pakhomo: apongozi, mwana wawo atavala tayi, ndi mkulu wina wa kumpingo kwawo atanyamula nkhuku yomanga miyendo. Bambo anga anawayalira mphasa pakhonde. Achimwene anasiya makina awo n'kubwera kudzakhala pampando pambali. Mkulu wa kumpingo analankhula nthawi yaitali za kukhululuka. Anati panali kusamvana kwa mawu, anati nesi uja ndiye sanadziwe kulankhula ndi akuluakulu. Za mtsikana wa ku Kalingalinga sanatchule, za mwana amene anasiyidwa m'kabokosi ka galasi sanatchule. Anati abwera kudzatenga mkazi wawo, ndipo ngati mkaziyo akadali wokwiya, mwana yekha akhoza kutsogola akangosiya kuyamwa, poti kwawo mwana ndi wa bambo.

Apongozi anatambasula manja, ndipo amayi anga, mwa ulemu, anawapatsa mwanayo. Anamutembenuza khutu ndi chala chomwe chija, n'kuseka mano onse.

"Uyu ni wathu," anatero. "Magazi siyanama."

Mwambo umati mkazi wokwatiwa sayankha apongozi ake maso ndi maso pagulu. Ndinadzuka, ndinakamutenga mwana wanga m'manja mwawo, n'kubwerera pamalo panga.

"Mwanena zoona, amayi, magazi sanama. Ake oyamba anathira mwa ine, chipatala chinakuuzani inu muli pomwepo. Amene ali m'thupi mwakemu ndi a telala wakhala apoyo. Ndiye tandiuzani, anu ali pati?"

Apongozi anayang'ana achimwene, nayang'ana mwana, kenaka n'kutembenukira kwa mwana wawo. Kwa nthawi yoyamba ndinaona mantha pankhope pawo, poti ndinali nditawayankha ndi chiphunzitso chawo chomwe.

"Iwe, ni zoona?"

Munthu ameneyu anafika fomu faivi. Ankadziwa bwino lomwe, monga ndinkadziwira ine, kuti thupi limapanga magazi akeake, ndipo kuti a telala anali atatha kalekale mwa mwanayo. Akanangotsegula pakamwa, nkhani ikanayenda kwina. Koma kuti anene zimenezo pankafunika kuti afotokoze zonse zimene dokotala ananena tsiku lija, ndiponso chifukwa chimene iye, atazimva, anabwerera kuofesi. Ine ndinangokhala n'kumamuyang'ana, mwana ali pabere. Anayang'ana nsapato zake. Zinali zafumbi.

Ananyamuka opanda mwana, ndipo sanabwerenso kudzamufunsa. Nkhuku anaiiwala pamphasa. Amayi anga anaipha madzulo omwewo, ndipo chiwindi tinapatsa achimwene, poti ankati akadali kubwezeretsa magazi.